Mndandanda wa mayiko odya ndiwo zamasamba: kodi ukunena zoona?

A Phiri, Zomba:
Moni nonse, abambo ndi amayi a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe ndikufuna tiiunike pamodzi, makamaka inu amene mumagwira ntchito za kadyedwe ndi za ulimi. Bungwe loona za chakudya ndi ulimi pa dziko lonse la FAO limatulutsa ziwerengero zoonetsa kuchuluka kwa ndiwo zamasamba zomwe zimagwera munthu mmodzi pa chaka m'dziko lililonse. Pamwamba pa mndandandawo pamakhala dziko la China, komwe munthu mmodzi amagweredwa ndi makilogalamu oposa 300 pa chaka, zomwe zikuyandikira kilogalamu yathunthu tsiku lililonse. Chapamwamba pomwepo pamapezekanso Turkey, Albania, Armenia, Uzbekistan, Tunisia ndi South Korea. Dziko la America lili pakati ndi makilogalamu opitirira 100, ndipo kumunsi kwenikweni kuli mayiko monga Chad ndi Ethiopia omwe safika ngakhale makilogalamu 25. Mayiko ambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ali chakumunsi komweko. Chomwe chikundivuta n'chakuti ife kuno timadya masamba pafupifupi tsiku lililonse, mpaka ana amadandaula kuti nyama amaionera pa Khirisimasi pokha. Zikutheka bwanji kuti chigawo chathu chipambanidwe ndi Amereka, amene timamva kuti amakonda nyama ndi zokazinga?

A Gondwe, Lilongwe:
Zikomo a Phiri chifukwa cha funso limeneli. Poyamba tiyenera kumvetsa kuti ziwerengero zimenezo sizichokera m'mbale za anthu. Palibe amene anapita m'nyumba ndi sikelo kukayeza zomwe banja likudya. Akatswiri a FAO amatenga zokolola zonse zomwe boma la dzikolo lanena kuti zinalimidwa, n'kuwonjezerapo zomwe zinagulidwa kunja, n'kuchotsapo zomwe zinagulitsidwa kunja, zomwe zinapatsidwa kwa ziweto ndi zomwe akuganiza kuti zinawonongeka m'nkhokwe ndi panjira. Zotsalazo amazigawa ndi chiwerengero cha anthu onse, kuyambira khanda mpaka nkhalamba. Choncho nambala yomwe mwaiona ikunena za masamba omwe analipo m'dzikomo kuti anthu agule, osati omwe anamezedwa. Makoko omwe anasendedwa, tsinde la kabichi lomwe linatayidwa ndi tomato amene anawolera m'khitchini, zonsezo zili m'nambala yomweyo.

Chachiwiri n'chakuti gulu lomwe amalitcha la masamba ndi lalikulu kuposa momwe ife timaganizira. Muli tomato, anyezi, adyo, karoti, nkhaka, mabiringano, tsabola, maungu ndi bowa, ndipo kwa zaka zambiri ankawerengeramonso mavwende. Zinthu zimenezi n'zolemera chifukwa zadzaza madzi. Dziko la China lokha limalima mavwende oposa theka la mavwende onse a dziko lapansi, ndipo Turkey ndi Uzbekistan nawonso ndi mayiko a mavwende ndi tomato. Vwende limodzi lalikulu likhoza kulemera kuposa bonongwe amene banja lingadye sabata yonse. Mbatata ya kachewere, mbatata ya kholowa, chinangwa ndi nyemba zouma sizili m'gulu limeneli, zili ndi magulu awoawo.

Mayi Nabanda, Dedza:
A Gondwe afotokoza bwino, ndipo ine ndingowonjezera mbali yomwe imatikhudza ife kuno. Kuti chinthu chilowe m'kaundula wa zokolola, payenera kukhala munda womwe mlangizi angauyeze kapena msika womwe angawerengeko madengu. Tsono tiyeni tione masamba omwe amadyedwa kwambiri m'midzi yathu. Nkhwani amathyoledwa m'munda wa chimanga momwe maungu afesedwa pakatikati. Khwanya ndi chitambe ndi masamba a nyemba ndi khobwe, ndipo m'kaundula mbewu zimenezo zimalembedwa ngati nyemba zouma basi. Chigwada chimachokera ku chinangwa, kholowa amachokera ku mbatata, ndipo zonsezi zimawerengedwa ndi mizu yake yokha. Chisoso, luni, denje, chewe ndi bonongwe wa kuchulu palibe amene amadzala, zimangomera zokha mvula ikagwa. Mayi amene wabwera kuchokera kumunda ndi nkhwani m'chitenje wadyetsa banja lake, koma pa mndandanda wa FAO palibe chomwe chalembedwa. Masamba amenewa si achilendo kwa ophunzira, poti Jessie Williamson anawalemba ambiri mwa iwo m'buku lake la Useful Plants of Nyasaland la mu 1955, koma kuwadziwa mayina n'kosiyana ndi kuwayeza pa sikelo chaka ndi chaka. Vuto lomweli lili ku Chad, ku Ethiopia ndi kulikonse kumene anthu ambiri amadya zomwe alima okha.

A Phiri, Zomba:
Mayi Nabanda, ngati ndakumvani bwino, ndiye kuti mndandandawu ndi wongotaya, ndipo ife tikhoza kukhala kuti timadya masamba ochuluka kuposa mayiko olemerawo.

Mayi Nabanda, Dedza:
Ayi bambo, sindinafike pamenepo, ndipo ndibweranso kudzafotokoza chifukwa chake. Tiyeni timve kaye kwa amene anakhalako m'mayiko ali pamwambawo.

Bambo a Tadala, Blantyre:
Ine ndinaphunzira m'chigawo cha Shandong ku China, ndipo ndinganene kuti ngakhale nambala ya makilogalamu 300 yakokomeza, anthu a kumeneko amadyadi masamba kwambiri. Kusiyana kwagona pa momwe chakudya chimayalidwira patebulo. Anthu anayi akakhala pansi kuti adye, pamabwera mbale zitatu kapena zinayi, ndipo ziwiri mwa izo zimakhala za masamba okhaokha, wina wokazingidwa mwachangu ndi adyo pa moto waukulu, wina wa nkhaka zosaphika zothira viniga. Ngakhale m'mbale ya nyama, nyamayo imaduliridwa ting'onoting'ono ndipo imasakanizidwa ndi tsabola wobiriwira, zitheba kapena kabichi. Mpunga kapena buledi wophika ndi nthunzi amabwera m'kambale kakang'ono pambali.

Zimenezi sizinangochitika zokha. Kale anthu a kumpoto kwa dzikolo ankadutsa nyengo yonse yozizira ndi kabichi yekha, ndipo mabanja a ku Beijing ankagula milu ya kabichi kumayambiriro kwa Novembala n'kuiunjika pakhonde kuti iwafikitse m'chilimwe. Mu 1988 boma linakhazikitsa ndondomeko yomwe amaitcha ya dengu la masamba, ndipo pambuyo pake meya wa mzinda uliwonse anapatsidwa udindo woonetsetsa kuti anthu a mumzinda wake ali ndi masamba okwanira pa mtengo woti angakwanitse. Mu 1989, m'mudzi wa Sanyuanzhu ku Shouguang m'chigawo chomwecho cha Shandong, alimi motsogozedwa ndi Wang Leyi anayamba kumanga nyumba zolimamo masamba zokhala ndi khoma lochindikala la dothi kumpoto ndi denga la pulasitiki loyang'ana kudzuwa. Khomalo limasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku, moti nkhaka zimabereka ngakhale kunja kuli chisanu choundana, popanda kuyatsa malasha. Lero Shouguang ali ndi umodzi wa misika ikuluikulu ya masamba m'dzikolo, ndipo China amalima pafupifupi theka la masamba onse a dziko lapansi.

A Gondwe, Lilongwe:
Zomwe anena bambo a Tadala n'zoona, koma pali nambala ina yofunika kuiika pafupi ndi ya FAO ija. Boma la China lenilenilo limachita kafukufuku wa m'nyumba, momwe amayezadi zomwe anthu adya. Kafukufuku wa zaka za 2010 mpaka 2012 anapeza kuti munthu amadya pafupifupi magalamu 270 a masamba pa tsiku, pomwe mu 1982 ankadya oposa magalamu 300. Mukachulukitsa magalamu 270 ndi masiku a chaka mupeza makilogalamu pafupifupi 100 okha. Taonani kutalikirana kwake: mndandanda ukunena zoposa 300, sikelo ya m'nyumba ikunena 100. Komanso pa zaka zomwe zokolola zinkakwera kwambiri, zomwe munthu ankadya zinkatsika pang'ono, chifukwa anthu atayamba kupeza ndalama anatembenukira ku nyama ya nkhumba, mazira ndi mafuta. Malangizo a boma lawo amati munthu azidya magalamu osachepera 300 pa tsiku, kutanthauza kuti ngakhale dziko lomwe lili pamwamba pa mndandanda silinafike pa mlingo womwe linadziikira lokha.

Anambewe, Leeds:
Moni kwa nonse kumudziko. Kuno ku Britain nkhani imeneyi aliyense amaidziwa, poti kuyambira mu 2003 boma lakhala likulengeza kuti munthu azidya magawo 5 a zipatso ndi masamba pa tsiku. Gawo limodzi ndi magalamu 80, omwe ndi masipuni akuluakulu atatu odzaza bwino a masamba ophika. Magawo 5 amenewo akuchokera ku mlingo wa magalamu 400 womwe bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalimbikitsa. Nyemba zimawerengedwa kamodzi kokha pa tsiku ngakhale mudye mphika wonse, ndipo madzi a zipatso nawonso amawerengedwa kamodzi. Mbatata ya kachewere ndi chinangwa siziwerengedwa, koma mbatata ya kholowa kuno amaiwerenga, pomwe a WHO saiwerenga. Izi zokha zikuonetsa kuvuta kofananitsa mayiko.

Ngakhale uthengawu uli paliponse, kafukufuku wa zaumoyo wa ku England wa mu 2018 anapeza kuti akuluakulu 28 okha pa 100 alionse ndi amene amakwanitsa magawo asanuwo. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndimaona kuti mbale ikabwerera kukhitchini, nyama ndi mbatata zimakhala zatha koma karoti ndi nsawawa zili momwemo. Masambawo alipo chaka chonse m'masitolo, ngakhale kuti ochuluka ndithu amachokera kunja, makamaka ku Spain, Netherlands ndi Morocco. Ku Almería kokha, kum'mwera kwa Spain, nyumba za pulasitiki zatenga mahekitala oposa 30,000. Mu Febuluwale 2023 nyengo itaipa ku Spain ndi ku Morocco, masitolo akuluakulu angapo kuno anayamba kuika malire pa tomato, nkhaka ndi tsabola zomwe munthu mmodzi angagule.

A Gondwe, Lilongwe:
Achemwali Anambewe atikumbutsa njira yachitatu yowerengera, yomwe ndi kungofunsa anthu. Mu 2019 nthambi ya ziwerengero ya mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya inapeza kuti anthu 12 okha pa 100 amadya magawo 5 pa tsiku, ndipo munthu mmodzi pa atatu sadya chipatso kapena masamba tsiku lililonse. Pa okwanitsa magawo 5, dziko la Ireland linali patsogolo ndi anthu 33 pa 100, lotsatira linali Netherlands, ndipo Romania linali kumapeto ndi anthu 2 pa 100. Chodabwitsa n'chakuti pa mndandanda wa FAO dziko la Romania limakhala bwino ndithu, chifukwa limalima kabichi, tomato ndi tsabola wambiri. Munthu amene masamba ake ali m'msuzi ndi mu kabichi wowawasa akafunsidwa za magawo akhoza kuyankha kuti sanadye, pomwe amene wakhala akumva uthenga wa magawo 5 pa wailesi amadziwa yankho lomwe wofunsayo akuliyembekezera. Za Amereka omwe a Phiri anawatchula, nthambi yawo yoona za matenda ya CDC inapeza kuti munthu wamkulu mmodzi yekha pa 10 ndi amene amadya masamba okwanira, ndipo gawo lalikulu la tomato wawo limadyedwa atasandutsidwa kale msuzi wa m'mabotolo ndi m'zitini. Mu 2011 nyumba ya malamulo kumeneko inalola kuti tomato wopaka pa pitsa apitirize kuwerengedwa ngati gawo la masamba pa chakudya cha ana kusukulu.

Mayi Nabanda, Dedza:
Tsopano ndibwerere kwa a Phiri monga ndinalonjezera. N'zoona kuti masamba athu ambiri salembedwa, koma kudya masamba tsiku lililonse n'kosiyana ndi kudya masamba okwanira. Magalamu 400 a zipatso ndi masamba pa tsiku omwe a WHO amalimbikitsa ndi makilogalamu 146 pa chaka. Tiyeni tione mbale yathu moona mtima. Mayi amagula timitolo tiwiri ta mpiru, tomato awiri ndi anyezi mmodzi, n'kuphikira banja la anthu asanu ndi mmodzi. Masambawo akafota m'poto amatsala ochepa, ndipo aliyense amalandira kachigawo kongokwanira kutsitsira nsima. Mwana akachulutsa ndiwo pa mbamu imodzi amadzudzulidwa kuti ndi wankhuli. Ntchito ya masamba pa mbale yathu ndi kuperekeza nsima, pomwe pa tebulo lomwe bambo a Tadala afotokoza, mpunga ndi umene ukuperekeza masamba. Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni, ndipo kusiyana kumeneku sikungachotsedwe ndi kukonza kaundula.

Umboni wake ulipo. Unduna wa zaumoyo kuno kwathu, mothandizana ndi WHO, unachita kafukufuku wa matenda osapatsirana mu 2009, ndipo pofunsa anthu za kadyedwe kawo unapeza kuti oposa 9 pa anthu 10 alionse sakwanitsa magawo 5 a zipatso ndi masamba pa tsiku. Kafukufukuyo sanadalire msika kapena munda woyezedwa, choncho chisoso ndi luni zinali ndi mwayi wowerengedwa. Zoti tili m'mbuyo n'zoona, kungoti sitili m'mbuyo motalika monga momwe mndandanda wa FAO ukuonetsera, ndiponso amene ali patsogolo sali patali monga momwe ukuwaikira.

A Jere, Tsangano:
Ine ndine mlimi wa tomato ndi kabichi, ndipo ndikuona kuti nonse mukuiwala nyengo. Nambala ya pa chaka imabisa zambiri. Mukafika pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off nthawi yomwe aliyense wakolola, mupeza milu ya tomato ikuwolera m'mbali mwa msewu chifukwa ogula achepa ndipo palibe kokasunga. Miyezi ingapo pambuyo pake, mvula ikachuluka ndipo chiwawu chikagwira tomato m'minda, mulu womwewo umakwera mtengo moti banja la m'tauni limangogula tomato mmodzi. Kumudzi nako, kuyambira Disembala mpaka Epulo masamba amakhala mbwee, koma pofika Seputembala ndi Okutobala, amene alibe dimba amadalira mfutso womwe anasunga m'zikwatu. Mnzathu wa ku Shouguang anapatsidwa msewu, msika wokhala ndi denga ndi galimoto zoziziritsa, pomwe tomato wathu amayenda m'madengu ounjikana pa lole yotsegula. Musanatiuze kuti tilime ochuluka, tiuzeni kumene tikasunge omwe talima kale.

A Mwale, Chipata:
Zomwe anena a Jere ndi zomwenso timaona kuno kum'mawa kwa Zambia, ndipo mbale yomwe afotokoza mayi Nabanda ndi yathu yomwe. Ndikufuna ndifunse za mfutso. Ngati masamba ouma ndi opepuka chotero, kodi wowerengera magalamu sangaganize kuti banja ladya pang'ono pomwe ladya zambiri?

Mayi Nabanda, Dedza:
Funso lanu n'lomveka a Mwale. Masamba aawisi ali ndi madzi pafupifupi magawo 9 pa magawo 10, choncho kilogalamu ya nkhwani ikauma imatsala magalamu ongopitirira pang'ono 100. Wochita kafukufuku wosamala amayeza ndiwozo zitaphikidwa, madzi atabwereramo. Komabe mfutso sufanana ndi masamba aawisi pa zonse. Ayironi ndi kashiamu zimatsalamo, koma vitamini C amatha pafupifupi yense, ndipo zomwe thupi limasandutsa vitamini A zimachepa kwambiri masambawo akayanikidwa padzuwa lamphamvu m'malo mwa pamthunzi. Soda kapena chidulo chomwe timathira mu therere ndi m'masamba olimba chimawononganso vitamini C ndi vitamini B1. Mbali yomwe tinachita bwino ndi nsinjiro, chifukwa mafuta a mtedza amathandiza thupi kuyamwa vitamini A wa m'masamba. Masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe ndi chisoso ali ndi michere yochuluka kuposa nkhaka kapena kabichi woyera wa kulemera komweko, ndipo n'chifukwa chake malangizo a ku China amanena kuti theka la masamba a pa tsiku likhale la mtundu wobiriwira kwambiri, wofiira kapena wachikasu.

A Nkhoma, Johannesburg:
Pepani ndalowa mochedwa. Dziko la South Africa ndi chitsanzo chabwino choti kukhala ndi misika sikukwanira. Msika wa City Deep kuno ku Johannesburg umalandira malole a masamba usiku uliwonse, misewu ndi yabwino ndipo mafiriji alipo, komabe dzikoli silili pamwamba pa mndandandawo. M'makomboni anthu ambiri amadya nsima ndi nkhuku kapena soseji, ndipo masamba a makolo awo omwe amawatcha morogo kapena imifino achinyamata ambiri amawaona ngati chakudya cha osauka. Maganizo omwewo ndimawamva kwa anzathu ochokera kumudzi, amene akangolandira malipiro oyamba amanena kuti masamba anadya okwanira ali mwana.

Bambo a Tadala, Blantyre:
A Nkhoma akhudza mfundo yomwe ikuonekanso ku Japan. Boma la kumeneko linaika mlingo wa magalamu 350 a masamba okha pa tsiku kuyambira mu 2000, koma kafukufuku wawo wa mu 2019 anapeza pafupifupi magalamu 280, ndipo wa mu 2023 anapeza 256. Okalamba ndi amene amadya ochuluka, achinyamata a zaka za m'ma 20 amadya ochepa. Za South Korea, yomwe a Phiri anaitchula pakati pa mayiko a pamwamba, tiyenera kukumbukira kuti gawo lalikulu la masamba awo ndi kimchi, kabichi wosungidwa ndi mchere, tsabola ndi adyo. Mwambo wokonzera pamodzi kimchi wa nyengo yozizira unalembedwa ndi bungwe loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse la UNESCO mu 2013 ngati chuma cha chikhalidwe. Njirayi imathetsa vuto lomwe a Jere adandaula, poti kabichi wa m'nyengo yokolola amadyedwa miyezi yambiri, koma imabwera ndi mchere wochuluka, ndipo akatswiri amagwirizanitsa zakudya zosungidwa ndi mchere ndi khansa ya m'mimba, yomwe ndi yofala ku Korea ndi ku Japan.

A Phiri, Zomba:
Zikomo nonse. Ndatsala ndi funso limodzi kwa a Gondwe. Dziko la India lili ndi anthu ambiri osadya nyama, koma pa mndandandawu silifika ngakhale makilogalamu 100. Kodi nalonso ndi vuto la kawerengedwe?

A Gondwe, Lilongwe:
Mbali ina ndi kawerengedwe, koma gawo lalikulu ndi kadyedwe. India ndi dziko lachiwiri pa kulima masamba pambuyo pa China, koma zokololazo zimagawidwa kwa anthu oposa 1.4 biliyoni. Munthu wosadya nyama kumeneko amakhuta mpunga, chapati, mphodza, nandolo, tchana ndi zamkaka, ndipo zonsezi zili kunja kwa gulu la masamba. Mbatata ya kachewere, yomwe imalowa m'ndiwo zawo zambiri, nayonso siwerengedwa. Nandolo wambiri amene alimi a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu amagulitsa kwa ogula a kunja amakathera m'miphika ya ku India komweko, ndipo pa mabuku a FAO amalembedwa m'gulu la nyemba.